Ulendo wa ku Mzuzu: Mawu a Chingerezi a M'kabuku ka Kuchipatala

Aliyense wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota amene akukonza ulendo wa ku Mzuzu m'mwezi wa Juni asaiwale juzi ndi bulangete. Basi ikangodutsa pa Jenda n'kuyamba kukwera mapiri a Viphya, mphepo imasinthiratu, ndipo pofika ku Chikangawa nkhungu imaphimba msewu mwakuti dalaivala amayatsa nyali usana. Kale kuno kudali mdima wa mitengo ya paini mbali zonse ziwiri za msewu. Lero malo ambiri ndi zitsa ndi timitengo tongobzala kumene, chifukwa cha macheka ndi moto wa chaka ndi chaka. Kuchokera ku Lilongwe ndi mtunda wopitirira makilomita 350, ndipo ife tidalowa mumzinda dzuwa litapendeka, mapazi atauma ndi chisanu.

Mzuzu si mzinda wakale ngati Zomba kapena Blantyre. Udayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pamene kampani ya boma la Atsamunda idatsegula minda ya mitengo ya tung, imene njere zake ankayenga mafuta opangira penti. Mindayo idatha, koma anthu adakhazikika, ndipo m'chaka cha 1985 Mzuzu idalandira ulemu wotchedwa mzinda. Pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu opitirira 220,000. Eni nthaka amayankhula Chitumbuka, ndipo mlendo sachedwa kuphunzira kunena "monire" ndi "yewo". Koma mukaima mphindi khumi zokha pa depoti kapena pa msika wa Taifa mudzamva Chitonga cha ku Nkhata Bay, Chinkhonde cha ku Karonga, Chilambya cha ku Chitipa, Chiswahili cha amalonda ochokera ku Tanzania, Chichewa, ndiponso Chiyao cha abale athu atelala ndi ogulitsa nsomba. Pamwamba pa zonsezi pali Chingerezi, chimene anthu a kumpoto adachigwira msanga kuyambira pamene Dr Robert Laws adakhazika sukulu ya Livingstonia pa Khondowe m'chaka cha 1894.

Tidakhala sabata imodzi kwa achibale ku Chibavi, ndipo zimene tikufuna kukambirana nanu, makolo anzathu, si khofi wa ku Mzuzu kapena mbatata za kachewere, ngakhale zonsezo tidazilawa. Ndi mawu. Poyenda m'misewu ya ku Katoto, Chiputula ndi Luwinga, maso athu adakodwa ndi zikwangwani za zipatala ndi mabungwe a zaumoyo. Mawu aakulu pa zikwangwanizo ndi a Chingerezi, ena ndi zilembo chabe: STI, ART, PrEP, VMMC, "family planning", "cervical cancer screening". Mayi wa dengu pamutu amadutsa pansi pake tsiku ndi tsiku. Kodi akudziwa kuti chikwangwanicho chikuitana iye?

Chifukwa chake Chingerezi chidalowa m'nkhani zimenezi n'chosavuta kuchimvetsa. Kwathu kutchula ziwalo zobisika ndi dzina lake ndi kulaula, ndipo munthu waulemu amazungulira. Timati "kumaso", timati "kukhala malo amodzi", timati "ali kumwezi", timati "wagwa pansi". Mawu ozungulirawa amagwira ntchito pakati pa anthu a mudzi umodzi. Tsono taganizani namwino wobadwira ku Chitipa akufunsa mayi wobadwira ku Machinga. Aliyense ali ndi mazunguliridwe akwawo, ndipo akakumana pa Chichewa amatha kuphonyana. Funso lakuti "mudasamba liti komaliza?" lidayankhidwapo kuti "lero m'mawa", chonsecho namwino akufunsa za msambo. Komanso anamwino ndi madokotala onse amaphunzira ntchito yawo m'Chingerezi, kaya ndi ku koleji ya St John's, kaya ku Ekwendeni, kaya ku Yunivesite ya Mzuzu. Motero dzanja lawo likagwira cholembera limalemba Chingerezi, ndipo Chingerezicho chimapita kunyumba m'kabuku ka kuchipatala.

Mbiri ya dziko lathu idathandizanso. M'chaka cha 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC ndipo chidabwererapo mu 1994. M'katikati mwa zaka zimenezo ndi m'mene Edzi idafika, pakuti wodwala woyamba m'Malawi adapezeka mu 1985, chaka chomwecho chimene Mzuzu idakhala mzinda. Choncho uthenga woyamba wa pa wailesi wonena za matendawa udafika kumpoto m'Chichewa ndi m'Chingerezi, osati m'chiyankhulo cha pamoto pamene agogo amalangizira adzukulu. Nkhani za kulera nazo sizinkakambidwa poyera. Boma lidazilola mu 1982 pansi pa dzina laulemu la "child spacing", kutanthauza kutalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake. Lero wailesi monga Voice of Livingstonia ndi Tigabane zimakamba zaumoyo m'Chitumbuka, koma mawu aja a Chingerezi adamera kale mizu.

Tsiku lachitatu tidaperekeza wachibale wokalamba ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chili ku Luwinga m'mbali mwa msewu wopita ku Karonga. Chidamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan ndipo chidatsegulidwa m'chaka cha 2000. Kumabwera odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a kumpoto, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Likoma. Pa mabenchi odikirira aliyense adagwirizira kabuku kake pachifuwa, ena atakakutira m'pepala la pulasitiki. Kabuku kameneka ndi ka mwini wake, amakasunga kunyumba, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kamatha kutsegulidwa ndi mwamuna, apongozi, mlamu, kapena mwana wa Fomu 2 amene watumidwa kuti awerenge chifukwa ndi yekhayo wodziwa Chingerezi pakhomopo.

Liwu limene lavulaza mabanja kwambiri, m'kuona kwathu, ndi "abortion". Munthu wamba akalimva amaganiza za kuchotsa mimba mwadala. Koma m'Chingerezi cha kuchipatala liwuli limatanthauza kutha kulikonse kwa mimba isanafike poti mwana n'kukhala ndi moyo kunja, ngakhale itachoka yokha. Mayi akapita padera, dokotala angathe kulemba "spontaneous abortion". Ngati zina zatsalira m'chiberekero ndipo pakufunika kuyeretsa, amalemba "incomplete abortion". Ngati mayi akutaya magazi koma mimba idakalipo, amalemba "threatened abortion". Kuchotsa mwadala kuli ndi dzina lake, "induced abortion". Liwu la tsiku ndi tsiku la kupita padera ndi "miscarriage", ndipo achipatala ambiri padziko lapansi ayamba kulikonda chifukwa cha chisokonezo chomwechi.

Madzulo ena, tikuotha mbaula, mayi wa pakhomo pamene tidafikira adatisimbira za banja lina la m'dera lawo. Mkazi adapita padera mimba ili ya miyezi itatu, adagona m'chipatala china masiku awiri, n'kubwerera kunyumba wofooka. Mlamu wake, munthu wa setifiketi ya Fomu 4, adatsegula kabuku, adaona liwu lija, ndipo pofika usiku mbiri idali itawanda kuti mayiyo wataya mimba ya mwamuna wake mwadala. Ankhoswe adaitanidwa, talaka idatsala pang'ono kuperekedwa. Chidapulumutsa banjalo ndi namwino wopuma pa ntchito wokhala nyumba yoyandikana nayo, amene adawerenga tsamba lonse n'kulimasulira. Mayiyo adali kulira mwana wake, ndipo pamwamba pa malirowo adasenzetsedwa mlandu. Ife tikuti mlamu uja sadalakwe chifukwa chosadziwa Chingerezi. Adalakwa chifukwa chodziwa theka, n'kuchita manyazi kukafunsa theka linalo.

Mawu ena ndi onyenga chifukwa tidawaphunzira kusukulu ndi tanthauzo lina. "Positive" m'kalasi ndi chinthu chabwino, "negative" ndi choipa. Poyezetsa magazi zimatembenuka: "positive", kapena "reactive", ndiye kuti chimene amafufuzacho chapezeka, pamene "negative" kapena "non-reactive" ndiye kuti sichidapezeke. Nthawi zina amangolemba R kapena NR. Ndipo "negative" ya lero siitseka nkhani ngati munthu adali pa chiopsezo posachedwa, pakuti pali nyengo yotchedwa "window period", ya milungu ingapo mwinanso kufika miyezi itatu, pamene kachilombo kali m'thupi koma chipangizo choyezera sichidayambe kukaona. N'chifukwa chake alangizi amati mubwerenso. "Discharge" nalo lili pawiri: kutulutsidwa m'chipatala, ndiponso chikazi kapena mafinya otuluka ku ziwalo zobisika. Ngakhale kaliwu kakuti "sex" pa fomu ya ku ofesi kamangofunsa ngati ndinu mwamuna kapena mkazi, basi.

Kuyambira mu 2004, pamene boma lidayamba kupereka ma ARV mwaulere, mawu atsopano adachuluka. HIV ndi kachilombo. AIDS, imene timati Edzi, ndi kudwala kumene kumadza chitetezo cha m'thupi chikatheratu. Munthu angathe kukhala ndi kachilombo zaka makumi osafika pa Edzi ngati akumwa mankhwala mwandondomeko. "Viral load" ndi kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Akalemba "undetectable" ndiye kuti tachepa kwambiri mwakuti makina sakutiona, ndipo munthu wotero sapatsira mkazi kapena mwamuna wake pogonana. Koma sikuti wachira ayi. Akasiya mankhwala tizilombo timachulukanso, ndipo alipo amene adasiya atamva liwu limeneli n'kuyesa kuti matenda atha. "Discordant couple" ndi banja limene mmodzi ali ndi kachilombo, wina alibe. Zimachitika, ndipo pa zokha si umboni wakuti wina wayenda njira zokhota dzulo, chifukwa kachilomboko kangathe kukhala ka zaka zambiri ukwati usanamangidwe.

Achikulire adzakumbukira kuti matenda opatsirana pogonana ankatchedwa VD. Kenaka adati STD, ndipo tsopano amati STI, chifukwa munthu amatha kukhala nawo osamva kupweteka kulikonse. Chindoko ndi "syphilis", chinzonono ndi "gonorrhoea". Ku sikelo ya amayi oyembekezera amayeza chindoko, ndipo chikapezeka amabaya jakisoni wa penisilini n'kupempha kuti "partner" abwere. Apa "partner" si mnzanu wa pa geni. Ndi bambo wa kunyumba, ndipo akakana kubwera amabwezeretsa matendawo kwa mkazi wake, pamene chindoko chimatha kupha mwana m'mimba.

Kutsidya kwa nkhani ya tanthauzo kuli nkhani ya malo oyenera kunenera. Izi tidaziganizira tsiku limene tidayenda wapansi ku Luwinga, kudutsa pa geti la Yunivesite ya Mzuzu, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1999. Msewu udadzaza ndi achinyamata, Chingerezi chikuthamanga pakamwa ngati madzi. Ana athu masiku ano amatola Chingerezi malo awiri: m'kalasi, makamaka m'phunziro la Life Skills ndi la Biology, ndiponso m'mafoni, m'nyimbo ndi m'makanema. M'kalasi amaphunzira "puberty", kutha msinkhu, "menstruation", msambo, "uterus", chiberekero, "sexual intercourse", kugonana. M'makanema amatola mawu ena onena za zinthu zomwezo, amene kwa eni Chingerezi ndi zotukwana zenizeni. Vuto ndi lakuti m'khutu la mwana wathu onse amamveka Chizungu, onse alibe ululu. Mnyamata amene sangayerekeze kutukwana m'Chichewa pamaso pa malume ake amatchula liwu lonyansa la Chingerezi akumwetulira, osadziwa kulemera kwake. Tsiku lina adzalitchula pamaso pa dokotala, kapena pa mayeso a ntchito.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Madikishonale a ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, amaika chizindikiro pambali pa liwu: "formal" ngati ndi laulemu, "slang" ngati ndi la m'misewu, "taboo" kapena "offensive" ngati ndi lolaula kapena lonyoza. Mwana aphunzitsidwe kuyang'ana chizindikirocho asanaloweze liwu. Palinso dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi ya Steven Paas, imene a Oxford adasindikiza mu 2016. Ku Mzuzu kuli nthambi ya National Library Service kumene munthu angakhale pansi n'kufufuza mwakachetechete liwu limene akuchita nalo manyazi kufunsa mnzake. Pajatu mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ndipo ngakhale pakati pa mawu oyera pali ena obaya. Kunena kuti "AIDS victim" ndi kumuika munthu m'manda adakali moyo. Achipatala amati "person living with HIV". Kutchula mayi kuti "barren" n'chimodzimodzi kumunena kuti chumba. Liwu la kuchipatala ndi "infertility", ndipo vutoli limapezeka kwa amuna monga momwe limapezekera kwa akazi. "Infertile" ndi wosabereka, "impotent" ndi mwamuna amene mphamvu za kuchipinda zamuthawa, ndipo ziwirizi n'zosiyana. "Vasectomy" ndi kutseka njira ya mbewu ya abambo, si kufula monga tichitira ndi mbuzi.

Ena mwa awerengi adzati nkhani zotere siziyenera kulowa m'nyumba ya anthu opemphera. Koma taonani zimene ana athu amaphunzira kale ku madrasa. Mwalimu amawaphunzitsa za haidhi, nifasi, janaba ndi kusamba kwake, ndi zizindikiro za kukhala baligh, kuphatikizapo kudzilotera kwa mnyamata. Mawu a Chiarabu amenewa amanenedwa poyera, mwaulemu, popanda woseka, chifukwa popanda iwo munthu sangadziwe za twahara. Mawu a kuchipatala afunika kuwagwira ndi manja omwewo. Chitsanzo chili pafupi ndi zilembo zija VMMC, zimene zikutanthauza mdulidwe wa abambo wochitikira kuchipatala mwa kufuna kwa munthu. Kumpoto kuno, kumene mitundu yambiri ilibe jando, mdulidwe udafika kwa ambiri ndi dzina la Chingerezi limeneli. Kafukufuku adaonetsa kuti umachepetsa ndi pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse mpata wakuti mwamuna atenge kachilombo kwa mkazi. Anyamata athu odulidwa ku jando amve bwino chiwerengerocho: magawo 40 atsala.

Pa msika waukulu wa mumzinda amayi amagulitsa mitolo ya repu wobiriwira bwino, pakuti masamba amakondwa ndi chisanu cha kuno. M'Chingerezi dzina la ndiwo zimenezi limalembedwa chimodzimodzi ndi liwu loopsa la kukhoti, "rape", kugwirira. Ana amaseka akazindikira zimenezi, koma kholo lingagwiritse ntchito mpata womwewo kuyamba nkhani yovuta. "Consent" ndi kuvomera mwa kufuna kwako, popanda kuopsezedwa kapena kunyengedwa. "Defilement" ndi liwu limene makhoti ndi nyuzipepala akhala akugwiritsa ntchito ponena za kugona ndi mwana, ndipo pa mlandu umenewu mawu akuti "adavomera yekha" sapulumutsa munthu wamkulu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mwana wodziwa mayina enieni a ziwalo zake amatha kufotokoza momveka chimene wachitidwa, pamene wongodziwa kuti "adandichita zoipa" amasiya mpata woti wolakwa azembe.

Pamenepa pali zilembo zitatu zimene kholo lililonse liyenera kuloweza ngati dzina la mwana wake: PEP. Ndi mankhwala oteteza munthu amene wagwiriridwa, kapena wakhudzana ndi magazi okayikitsa, kuti asatenge kachilombo. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo amamwedwa masiku 28. Mabanja ambiri amataya masiku atatuwo pokambirana kwa amfumu kapena podikira malume ochokera kutali. Zokambirana zidikire, mwana ayambe wapita kuchipatala. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya foni yothandiza ana ndi 116. PEP isasokonezedwe ndi PrEP, amene ndi mankhwala otetezera munthu yemwe ali pa chiopsezo nthawi ndi nthawi, monga amene mwamuna kapena mkazi wake ali ndi kachilombo.

Chikwangwani chija cha "cervical cancer screening" chimanena za kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, ndipo chonde tisakasokoneze ndi HIV ngakhale zilembo zikufanana. Katemera wake adayesedwa koyamba mu 2013 m'maboma a Zomba ndi Rumphi, pafupi pomwepa kumpoto kwa Mzuzu, ndipo mu 2019 adafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Mphekesera zidamveka kuti ndi jakisoni wolera. Si choncho. Kuyeza kwa amayi akuluakulu, kumene amalemba kuti VIA, kumatenga mphindi zochepa: namwino amapaka pa khomo la chiberekero mankhwala ofanana ndi viniga n'kuyang'ana ngati pali malo amene ayera. "VIA positive" sikuti khansa yayamba kale. Kawirikawiri ndi zizindikiro zoyambirira zimene zimachizika msanga.

Pobwerera tidasankha njira ya kunyanja. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50, koma msewu umatsetsereka mokhotakhota pakati pa nthochi ndi chinangwa, ndipo pasanathe ola juzi imayamba kulemera. Titaona madzi ndi ana akusambira m'mphepete, tidakumbukira liwu lina lalitali limene abale athu a m'mbali mwa nyanja amalipeza m'timabuku tawo: "schistosomiasis", kapena "bilharzia", amene ndi likodzo. Ambiri timalidziwa ndi kukodza magazi. Koma mazira a tizilombo take amakhazikikanso m'ziwalo zoberekera, ndipo kwa amayi amabweretsa zilonda, chikazi, kupweteka pokhala malo amodzi ndi kutaya magazi, pamene kwa abambo magazi amatha kuoneka mu umuna. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, chonsecho munthu adalitenga pochapa, posamba kapena pokoka khoka. Akalemba "genital schistosomiasis" sakunena za khalidwe la munthu, akunena za madzi ndi nkhono. Mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu, ndipo amene amakhala kunyanja ayenera kuuza dokotala za madziwo asanafunsidwe n'komwe. Pa Nkhata Bay tidagula batala wowamba ndi nthochi, n'kukwera minibasi ya ku Dwangwa.